AKATSWIRI A MPHIRA NDI PULASITIKI A KU AKRON

Tayala la njinga, cigubu cotungira madzi, thumba la feteleza ndi nsapato za jombo ziri zinthu zosiyana maonekedwe, koma kwa akatswiri a sayansi zonsezi ndi za mtundu umodzi. Iwo amazicha mapolima. Ku dziko la America, mu mzinda wa Akron m'cigawo ca Ohio, kuli Yunivesite imene yakhala ikuphunzitsa ndi kufufuza zinthu zimenezi kwa zaka zoposa 100, ndipo nchito yake yafika m'mafakitale, m'zipatala ndi m'masukulu a ana.

KODI POLIMA NCIANI?

Polima ifanana ndi mikanda yotungidwa pa cingwe. Tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timalumikizana zikwi zambiri ndi kupanga cingwe cacitali, ndipo zingwezo zikapiringizana, cinthu cimakhala colimba kapena cotamuka. Woyamba kufotokoza zimenezi anali Hermann Staudinger wa ku Germany mu 1920. Anzake ambiri anamtsutsa, koma mu 1953 analandira mphoto ya Nobel.

Mapolima ena ali acilengedwe, monga thonje, ubweya wa nkhosa ndi utomoni wa mtengo wa mphira. Ena, monga pulasitiki ndi nailoni, amapangidwa m'mafakitale kucokera ku mafuta okumbidwa pansi.

Kale mphira inali yobvuta kugwiritsira nchito, pakuti inali kumata nthawi yotentha ndi kuuma gwa nthawi yozizira. Mu 1839 Charles Goodyear anapeza kuti ikaphikidwa pamodzi ndi sulufule imalimba bwino, cifukwa sulufuleyo amamanga zingwe zija cina ku cinzake. Tayala liri lonse loyenda pa mseu lidalira nzeru imeneyi.

CIYAMBI CA NCHITO

Akron anachuka monga mzinda wa mphira cifukwa ca makampani akulu a matayala: B.F. Goodrich amene anafika mu 1870, Goodyear mu 1898, Firestone mu 1900 ndi General Tire mu 1915. Makampaniwa anafuna anchito odziwa, kotero kuti mu 1909 mphunzitsi Charles Knight anayamba kuphunzitsa sayansi ya mphira pa Buchtel College, sukulu limene pambuyo pace linakhala Yunivesite ya Akron.

Phindu la maphunzirowa linaoneka pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse. Mu 1942 asilikali a Japan analanda minda ya mphira ya ku Malaya ndi maiko oyandikana nawo, ndipo America anataya pafupifupi mphira yonse imene anali kugula kunja. Popanda matayala, magalimoto ndi ndege sizikanayenda. Boma linasonkhanitsa makampani ndi mayunivesite, kuphatikizapo ya Akron, kuti apange mphira ya m'fakitale. Pofika 1945 dzikolo linali kupanga matani oposa 700,000 pa caka.

Mu 1956 Maurice Morton anakhazikitsa pa Yunivesiteyo bungwe lofufuza za mphira. Mu 1964 linapatsidwa dzina lakuti Institute of Polymer Science, popeza nchito yace inali itakula kufikira ku mapulasitiki, ulusi ndi zomatira. Mu 1991 anatsegula nyumba yosanja 12 yochedwa Goodyear Polymer Center, yocitiramo zofufuzazo.

PAMENE MAFAKITALE ANATSEKEDWA

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mzinda wa Akron unagwa m'mabvuto akulu. Mafakitale a matayala anatsekedwa kapena kusamukira kwina, ndipo anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Mu 1988 kampani ya Firestone inagulidwa ndi Bridgestone ya ku Japan. Koma akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno: cimene cinatsala mu mzindawo cinali nzeru za anthu ophunzira. Makampani ang'onoang'ono a mapulasitiki ndi zipangizo zina anapitiriza kudalira Yunivesite powaphunzitsira anchito ndi kuwayesera katundu wao, kuti adziwe ngati ali wolimba asanamgulitse.

Zofufuza zina zathandiza odwala. Joseph Kennedy, katswiri wobadwira ku Hungary amene anayamba kuphunzitsa ku Akron mu 1970, anapanga polima yofewa imene thupi la munthu silimaikana. Polima imeneyi inakutidwa pa kawaya kamene madokotala amalowetsa mu mtsempha wa mtima wotsekeka. Kawayako kamatsegula njira ya magazi, pamene polimayo imatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kuti mtsempha usatsekekenso. Boma la America linabvomereza kacipangizoka mu 2004.

KUFIKIRA ANA A SUKULU

Akatswiriwa anaona kuti nzeru yotsekeredwa m'nyumba yofufuziramo siipindulitsa anthu wamba. Motero Yunivesite inakhazikitsa nthambi yochedwa Akron Global Polymer Academy, imene inakonzera aphunzitsi maphunziro osabvuta ocita ndi zinthu zopezeka pa nyumba, ndi kuwaitana ku misonkhano ya pa chuti. Nthambiyi inayambitsanso mpikisano wa ana a Giredi 5 kufikira Giredi 8, wakuti apange cipangizo catsopano pogwiritsira nchito timphira tomangira. Colinga cinali cakuti mwana aone kuti sayansi imayambira pa zinthu zimene ali nazo m'manja, monga momwe anyamata a m'midzi amapangira magalimoto a waya ndi malegeni.

BVUTO LA ZINYALALA

Nchito yaikulu imene akatswiriwa ali nayo tsopano yacokera ku kulimba komweko kumene anafunafuna. Pulasitiki saola msanga. Bungwe la OECD linawerengera kuti mu 2019 dziko lonse linagwiritsira nchito matani 460 miliyoni a pulasitiki, ndipo mwa zinyalala zace, magawo 9 okha pa 100 ndiwo anakonzedwanso. Zotsala zinakwiriridwa, zinatenthedwa kapena zinangotayidwa.

Alimi akudziwa zotulukapo zace. Mbuzi kapena ng'ombe ikameza mapepala a pulasitiki imaonda ndipo ingathe kufa, ngalande zimatsekeka nthawi ya dzinja, ndipo utsi wa pulasitiki wotenthedwa umabvulaza mapapo. Ndico cifukwa cace mu 2018 Boma la Zambia linaika lamulo loletsa timatumba topyapyala tosafika mamaikoroni 30.

Mu 2024 Boma la America linapereka madola 51 miliyoni ku gulu la makampani ndi masukulu a ku Akron, m'mene Yunivesiteyo irimo, kuti afufuze mapolima osaononga nthaka ndi madzi. Iwo afuna njira zopangira mphira ndi pulasitiki kucokera ku zomera, ndiponso zobwezera matayala akutha ku fakitale. Kufikira nchitoyo itabala zipatso, cigubu cogwiritsiridwa nchito kawiri ndi thumba losatayidwa kubusa ziri njira zimene banja liri lonse lingatetezere nazo munda ndi ziweto zace.