MAKOMPYUTA M'MASUKULU: KODI MWANA WA KUMUDZI ATSALA M'MBUYO?

Mu Januwale 2014 Boma linalamula kuti mwana ali yense wolowa Giredi 8 m'Zambia aziphunzira za makompyuta, kaya sukulu yake ili pakati pa mzinda wa Lusaka kapena kumapiri a ku Vubwi. Lamuloli linacokera m'ndondomeko ya maphunziro imene Unduna wa za Maphunziro unakonza mu 2013. Zaka zopitirira khumi zapitapo, koma funso limene makolo a kumidzi amafunsa pa misonkhano yao ndi aphunzitsi likali lomwe lija: kodi mwana angadziwe bwanji makina amene sanawakhudzepo ndi dzanja lake?

Funso limeneli si lacibwana ai. Bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limakonza pepala limodzi la dziko lonse, ndipo wocongayo safunsa ngati wolemba anakulira m'nyumba ya magetsi kapena anawerengera pa koloboi. Cimodzimodzinso pofuna nchito, m'sitolo, m'cipatala ngakhale pa depoti yogulirapo cimanga, wodziwa kompyuta ndiye ayamba kuitanidwa.

WAILESI NDIYO INAYAMBA

Kuphunzitsa ana kupyolera m'makina si kwacilendo m'dziko muno. Acikulire amene anaphunzira m'zaka zoyamba za ufulu akumbukira mphunzitsi akuika wailesi pa thebulo, kalasi lonse lili cete kuchera khutu ku maphunziro ocokera ku nthambi ya Educational Broadcasting Services. Mu 2000 nthambi yomweyo, mothandizidwa ndi a ku America, inayamba pulogalamu yochedwa Learning at Taonga Market. Colinga cake cinali kufikira ana amasiye ndi ena amene sanali pa sukulu, pa nthawi imene matenda a Edzi anali atapulula makolo ndi aphunzitsi ambiri. Phunziro lili lonse linali la mphindi 30. Ana ankasonkhana m'chalichi kapena patsinde pa mtengo, ndipo munthu wa m'mudzi momwemo wodziwa kuwerenga ankatsata malangizo a mphunzitsi wa pa wailesi, nalemba pa bolodi ndi kufunsa ana mafunso. Malo ambiri analandira mawailesi opukusa ndi dzanja, osalira mabatire.

Nchito imeneyi inatheka cifukwa cakuti cipangizo cake cinali coyenerana ndi mudzi. Wailesi imodzi inakwanira ana makumi anai kapena asanu, ndipo sinafune waya wa magetsi. Kompyuta ilibe cifundo cotere.

Intaneti inafika m'Zambia mu 1994 kupyolera m'kampani ya Zamnet imene inabadwira pa Yunivesite ya Zambia, ndipo dziko lino linali pakati pa maiko oyamba mu Afirika kulumikizidwa. Mfundo za Boma zoyendetsera nkhani za makina ofalitsira uthenga zinalembedwa mu 2006, ndipo lamulo la mu 2009 linakhazikitsa bungwe la ZICTA loyang'anira zimenezi. Pa pepala zonse zinali m'malo mwake. M'kalasi ndimo munali nkhani.

USIKU WA MAYESO

Ana oyamba kuphunzira za makompyuta anafika pa mayeso a Giredi 9 mu Novembala 2015. Mayesowo anali ndi mbali ziwiri: yolemba pa pepala, ndi yocita pa makina enieniwo pamaso pa woyang'anira. Mbali yaciwiriyi ndiyo inaulula zimene zinabisika kwa zaka ziwiri. M'masukulu ambiri aphunzitsi anali kuphunzitsa mwa kujambula kompyuta pa bolodi ndi coko, ana naloweza maina a ziwalo zake monga momwe amalowezera maina a mitsinje. Tsiku la mayeso litafika, makina anapezeka ocepa kwambiri, kotero kuti ana anagawidwa m'timagulu tolowa motsatizana.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Sukulu yokhala ndi ana 120 ndi makompyuta 10 iyenera kupanga timagulu 12. Ngati kagulu kali konse katenga ola limodzi ndi theka, ndiye kuti pafunika maola 18. Oyamba atalowa pa 8 koloko m'mawa, otsiriza aturuka pa 2 koloko usiku. Kuwonjezera apo, m'caka cimeneco madzi anali atacepa m'dziwe la Kariba, ndipo a ZESCO anali kuzimitsa magetsi maola ambiri tsiku ndi tsiku. Cotero m'masukulu ena ana anadikira ndi njala kufikira pakati pa usiku, makolo ali kunja kwa mpanda kuyembekeza ana ao aakazi. Ena anayenda mitunda kukalembera pa sukulu ina kumene anakhudza kompyuta kwa nthawi yoyamba m'moyo wao, tsiku la mayeso lomwelo.

Dandaulo linamveka dziko lonse, ndipo Unduna unapepesa. Pambuyo pake lamulo linafewetsedwa kuti masukulu opanda makina ndi magetsi asakakamizidwe kulembetsa ana mayeso amenewa. Cigamuloci cinali ca nzeru pa nthawiyo, pakuti kuyesa mwana pa cinthu cimene sanacionepo n'kumulakwira. Komatu cinasiya ana a dziko limodzi ali m'magulu awiri, ena oturuka sukulu ndi luso limeneli, ena opanda, ndipo sipafunika woombeza kuti anene gulu limene mwana wa kumudzi anagweramo.

Kafukufuku amene bungwe la ZICTA linacita mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse m'Zambia, odziwa kugwiritsa nchito kompyuta sanakwane 7, ndipo amene anagwiritsapo nchito intaneti anali 14. Pofika mu 2022 a intaneti anakwera kufika pa 25, koma oculuka mwa iwo anali a m'matauni.

PAMENE MASUKULU ANATSEKEDWA

Mliri wa korona unaonetsanso mpata umenewu. Masukulu onse anatsekedwa pa 20 Marichi 2020. Makalasi olemba mayeso anabwerera pa 1 Juni, koma ena onse anakhala kunyumba mpaka mu Seputembala. Boma linatsegula maphunziro pa wailesi ya kanema ya ZNBC ndiponso pa intaneti. Mwana wa ku Kabulonga anapitiriza kuphunzira ali pa mpando kwao. Mnzake wa ku Chadiza anapita kukakolola nsawawa, ndipo asungwana ena sanabwererenso ku sukulu cifukwa ca pakati ndi maukwati. Kumidzi, cimene cinafikako ndithu ndi wailesi yomwe ija. Kucedwa kutsegula masukulu kunacitikanso mu 2024 cifukwa ca kolera, pamene ana anayamba pa 12 Febuluwale m'malo mwa pa 8 Januwale.

ZIMENE ZASINTHA

Si zoona kunena kuti palibe cacitika. Mu 2021 Boma linakhazikitsa Unduna wa za Luso ndi Sayansi. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro anakhala aulere kufikira kumapeto a sekondale, ndipo m'caka comweco aphunzitsi 30,496 analembedwa nchito nthawi imodzi. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lodziwika kuti CDF, linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lili lonse mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Mu Okutobala 2023 kampani ya Starlink inayamba kugulitsa intaneti yocokera m'mlengalenga, imene ifika ngakhale kumene kulibe nsanja ya lamya, ngakhale kuti mtengo wake pa mwezi suli wa munthu wamba.

Maphunziro aulerewo anabwera ndi katundu wake. Ana amene anali kunyumba anakhamukira m'makalasi, ndipo mphunzitsi wamkulu amene ali ndi ana okhala pansi sangaimbidwe mlandu akayamba wapempha madesiki ndi zimbudzi asanaganize za kompyuta.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Masukulu ambiri alandirapo makompyuta a mphatso kucokera ku mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino. Pa tsiku lolandira pamakhala nyimbo ndi nthungululu. Koma amene ayendera masukulu a kumidzi adziwa cipinda cokhoma ndi loko, m'kati muli makina ofundidwa nsalu amene sanayakepo kwa zaka. Zifukwa zake n'zodziwika, ndipo makolo ayenera kuzidziwa asanavomere mphatso kapena kusonkha ndalama.

Coyamba ndi magetsi. Kompyuta yaikulu ya pa thebulo imadya magetsi kuwirikiza kangapo kuposa yaing'ono yonyamula m'manja, ndipo kathabuleti kamadya pang'ono koposa. Sukulu yodalira mphamvu ya dzuwa ikalandira makina aakulu akale 20, mabatire ake amatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndiponso mabatirewo sakhala muyaya: mbale zogwira dzuwa zingathe zaka 20 kapena kuposa, koma mabatire wamba amafooka patapita zaka zowerengeka, ndipo ndiwo okwera mtengo. Sukulu imene siisunga kandalama caka ndi caka kogulira ena idzabwerera mumdima. Ngakhale okhala pafupi ndi waya wa ZESCO asadzitame. Cilala ca mu 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko Bambo Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, cinacititsa kuti malo ena azikhala opanda magetsi maola oposa 20 pa tsiku.

Fumbi la m'cilimwe limatseka timabowo topumira makina, ndipo m'cigwa ca Luangwa kutentha kwa mu Okutobala kumawapsereza msanga ngati cipinda cilibe mpweya wokwanira. Mphezi ya m'dzinja ingaononge cipinda conse pa kamphindi ngati palibe kacipangizo kochinjiriza. Mbala nazo zidziwa mtengo wa batire. Kompyuta ikafa ku Chama kapena ku Nyimba, wokonza ali ku boma kapena ku Chipata, ndipo ulendo wokha ungadye ndalama zoposa za kukonzako.

Pa nkhani ya intaneti anthu ambiri amasokonezeka. Mwana woyamba kuphunzira kulemba kalata, kusunga nchito yake ndi kuwerengetsa masamu pa kompyuta safuna intaneti ai. Mabuku, zithunzi ndi mapepala a mayeso akale zingaikidwe m'makinamo kamodzi, ana nawerenga caka conse popanda kulipira ngwee. Kampani ya iSchool ya m'Zambia momwe muno inapanga timathabuleti tokhala ndi maphunziro a pulaimale m'Cingerezi ndi m'zinenero za kuno, pamodzi ndi Cinyanja, togwira nchito popanda intaneti. Sukulu yosauka iyenera kuyambira pamenepo, intaneti ibwere pambuyo.

Koma cacikulu pa zonse ndi mphunzitsi. Pamene phunziroli linayamba mu 2014, aphunzitsi ophunzitsidwa za makompyuta anali owerengeka, ndipo m'masukulu ambiri nchitoyo inapatsidwa kwa wa masamu kapena wa za malonda, iye mwini ali wophunzira. Mphunzitsi woopa makina amawatsekera m'kabati kuopa kuti ana angawaononge iye nafunsidwa. Amene adziwa bwino nchitoyi sakhalitsa kumudzi ngati palibe nyumba yabwino, cifukwa luso lake lili ndi msika m'tauni. Mudzi umene umangira mphunzitsi wotere nyumba wacita zoposa umene wagula makina ena asanu.

PHINDU LAKE PAKHOMO

Kholo lina lingafunse kuti, mwana amene adzakhala mlimi afuniranji zonsezi? Yankho lili m'thumba la kholo lomwelo. Kuyambira m'nyengo ya ulimi ya 2015/2016 Boma linayamba kupereka feteleza ndi mbeu zocipa m'maboma ena kupyolera m'makadi a makina m'malo mwa mapepala. Zotsatira za mayeso zimafika pa lamya ya m'manja. Ndalama zocokera kwa mwana wa ku Kitwe kapena ku Johannesburg zimafikanso pa lamya, ndipo akathyali amene amatumiza mauthenga onama opempha nambala yacinsinsi amakolola kwambiri pakati pa osadziwa. Pa khomo pamene pali mwana mmodzi wodziwa kuwerenga uthenga wotere ndi kuukana, nkhokwe yachinjirizidwa.

Pamakina ocepa, anyamata ndiwo amathamangira mipando, asungwana naima kumbuyo kupenyerera. Makomiti a makolo ali ndi mphamvu yofunsa mphunzitsi wamkulu ndandanda yoonetsa kuti mwana ali yense, wamkazi ndi wamwamuna, wakhala pa makina kangati pa mlungu.

Njira yopemphera thandizo iliponso. Zofuna za mudzi pa ndalama za CDF zimayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi, kumene nyakwawa, makolo ndi aphunzitsi angapereke pempho lao, lisanapite ku komiti ya dera la phungu. Pempho lolembedwa kuti "makompyuta" cabe n'lopereweza. Lanzeru lichula cipinda cokhala ndi zitsulo m'mazenera, mphamvu ya dzuwa yolingana ndi makinawo, munthu wokonza, ndi mphunzitsi amene adzaphunzitsa.

Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya mu 2023, imene inayamba kugwira nchito mu 2025, inabweza maina a Fomu m'masekondale ndi kucotsa mayeso a Giredi 9, ndipo yaika luso la makina amenewa pakati pa maluso amene mwana ali yense ayenera kuturuka nao pa sukulu. Ana amene analowa Fomu 1 m'caka cimeneco adzalemba mayeso a Fomu 4 mu 2028, pepala limodzi ku Lusaka ndi ku Vubwi komwe.