Turpitude, Liwu Lomwe Lidatsalira M'makhoti

Mngerezi wamba atha kukalamba osatchulapo liwu loti turpitude. Lidachokera ku Chilatini, ku turpis, kutanthauza chinthu chonyansa, chochititsa manyazi, ndipo Shakespeare adaligwiritsa ntchito m'sewero lake la Antony and Cleopatra. Lero mukalifuna kalifuneni m'mabuku a malamulo, komwe limayenda ndi linzake loti moral. Moral turpitude ndi khalidwe loipa zedi, loti anthu akamva amagwira pakamwa.

Dziko la America lidalowetsa mawuwa m'lamulo loona za anthu olowa m'dzikolo mu 1891, kuti wopezeka ndi mlandu wotere azibwezedwa. Koma aphungu sadatchule kuti milandu yake ndi iti. Katunduyo adasenzetsa oweruza.

Mu 1926 mayi wina wolemekezeka, Vera, Countess Cathcart, adatsika sitima ku New York. Akuluakulu oona za olowa m'dziko atamva kuti ukwati wake udatha chifukwa adathawa ndi mwamuna wa mwini, Earl of Craven, adamutsekera pa chilumba cha Ellis Island, ati umenewo ndi mlandu wa moral turpitude. Chopsetsa mtima amayi ambiri nchakuti bamboyo anali atalowa kale m'dzikolo popanda womuvutitsa. Mayiyo adamasulidwa khoti litaona kuti ku South Africa, komwe zidachitikira, chigololo sichinali mlandu.

Mu 1951, pa mlandu wa Jordan v. De George, khoti lalikulu la America lidagamula kuti kupangana zozemba msonkho wa mowa ndi khalidwe lotere ndithu, poti muli chinyengo. Woweruza Robert Jackson adatsutsa, ati mawuwa ndi osamveka moti munthu sangadziwiretu chomwe chingamuthamangitse m'dziko. Ine ndili mbali yake. Wakuba ndi wachinyengo amagwa m'gulu la moral turpitude mosakayikitsa, pomwe womenya mnzake pa ndewu wamba kawirikawiri sagwamo. Nanga milandu yapakatikati?

Musayese kuti izi nza kutali. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, pa gawo 51 ndi gawo 80, amaletsa munthu kupikisana pa mpando wa phungu kapena wa mtsogoleri wa dziko ngati m'zaka 7 zapitazo khoti lidamupeza wolakwa pa mlandu wa kusakhulupirika kapena wa moral turpitude. Nafenso tidangowatenga mawuwo osawamasulira, choncho wonena ngati mlandu wa munthu wafika pamenepo kapena ayi ndi woweruza.