Nkhope ya pa chikwangwani ndi pepala lomwe limasainidwa mothamanga

Woyenda pa msewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre, kuchokera ku Limbe kudutsa pa Chichiri mpaka pa Ginnery Corner, amapita pansi pa nkhope zambirimbiri zomwe sadziwa eni ake. Pali mayi akumwetulira foni ili m'manja, mnyamata akuonetsa khadi la ku banki, banja litazungulira chakudya, mlimi atakumbatira chimanga. Nkhope ngati zomwezo zili pa kalendala ya mu ofesi, pa pepala lokutira sopo, m'masamba a nyuzi ndi pa makoma a ku chipatala. Ambiri mwa anthu amenewa sagwira ntchito ku makampani omwe akuwatsatsira malonda. Anaitanidwa, anavekedwa, anajambulidwa. Ena analipidwa moyenera, ena anangopatsidwa ya thiransipoti n'kuuzidwa kuti atchuka.

Ku maiko ena ntchitoyi amaitcha commercial print modelling, ndipo ili ndi mitengo yake, malamulo ake, ndi anthu omwe amadyera momwemo mpaka ukalamba. Kuno kwathu tikamva za mamodelo timaganiza za atsikana aatali oyenda monyang'wa pa chionetsero cha zovala, kapena za mpikisano wa Miss Malawi. Imeneyo ndi nthambi ina. Ku zionetsero za ku Paris ndi Milan amafuna mtsikana wotalika masentimita pafupifupi 175 kapena kuposa, wowonda, chifukwa chovala chinasokedwa kale pa muyeso umodzi ndipo thupi ndi lomwe liyenera kukwanamo. Wotsatsa malonda ali ndi vuto lina. Wogulitsa feteleza akufuna munthu woti mlimi wa ku Mchinji akamuona avomereze kuti uyu khasu amalidziwa. Banki yotsatsa za penshoni ikufuna agogo a imvi. Kampani ya mafoni ikufuna mwana wa sukulu, wakabaza, mayi wa geni. Wamfupi, wonenepa, wa zaka 55, wa mpata m'mano, onsewa malo awo alipo. Chimene chimafunika ndi nkhope yoti anthu aikhulupirire, komanso luso loseka mochokera pansi pa mtima kakhumi motsatizana, dzuwa likuswa mtengo, wojambula akali kusuntha magetsi ake.

Poyambira sipalira ndalama zambiri. Zithunzi zoyamba zomwe maejensi (makampani opezera mamodelo ntchito) amapempha, zomwe amazitcha digitals, zimatheka ndi foni yabwino. Munthu amaima pafupi ndi zenera kapena pamthunzi, kumbuyo kuli khoma lopanda zolemba, atavala malaya osakongoletsedwa ndi jinzi, osadzola zambiri, popanda fyuluta. Chimodzi cha nkhope, china cha m'mbali, china cha thupi lonse, china akuseka mano ali poyera. Wolemba ntchito akufuna kuti amene adzatulukire pa tsiku lojambula akhale yemweyo amene anamuona pa chithunzi, ndipo chithunzi chosalalitsidwa mpaka khungu kusintha mtundu chimamutayitsa nthawi. Zikayamba kuyenda, munthu amapangitsa comp card, kakhadi kokhala ndi chithunzi chachikulu kutsogolo ndi zina zingapo kumbuyo, pamodzi ndi msinkhu, saizi ya zovala ndi nsapato, ndi nambala ya foni. Masiku ano kakhadika kamayenda kwambiri pa WhatsApp ndi pa imelo. Zithunzi za kumbuyozo zizionetsa anthu osiyanasiyana omwe nkhope imodziyo ingakhale: namwino, mphunzitsi, kholo, wogula mu shopu.

Msika wa ku Malawi ndi waung'ono ndipo umayendera kudziwana. Otsatsa kwambiri ndi makampani a mafoni monga Airtel ndi TNM, mabanki, ogulitsa mbewu ndi zakumwa, komanso mabungwe a zaumoyo ndi chitukuko. Kawirikawiri iwowa sasaka okha nkhope. Ntchito amaipereka ku makampani okonza zotsatsa malonda, omwe nawo amalemba wojambula zithunzi, ndipo wojambulayo ndi amene nthawi zambiri amafunsidwa ngati akudziwa mayi wa zaka za m'ma 40 amene angaoneke ngati mwini golosale. N'chifukwa chake khomo loyamba kugogoda ndi la ojambula omwe ntchito zawo zimaoneka pa zikwangwani, kenako la makampani okonza zotsatsawo. Woyamba kumene amathanso kugwirizana ndi wojambula kuti asinthane, uyu apereke nthawi, uyo apereke zithunzi. Kusinthana kotere n'kwabwino pokhapokha zitalembedwa kuti zithunzizo n'zoonetsera luso la awiriwo basi, osati zogulitsa kwa wina.

Ejensi yeniyeni imadya pamene modelo wadya. Imatapa gawo pa malipiro a ntchito yomwe yamupezera, ndipo m'maiko ambiri gawolo limakhala la 20 pa 100 iliyonse kapena pafupi pamenepo. Amene akuyamba ndi kuitanitsa ndalama yolembetsera, ya maphunziro okakamiza, kapena ya zithunzi zodula zoti zijambulidwe ndi wojambula wake yekha, bizinesi yake ndi matumba a achinyamata ofuna kutchuka. Dziko la Britain linaletsa maejensi kulipiritsa mamodelo ndalama zoyambira mu 2010. Ku New York lamulo la Fashion Workers Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2025, limaletsa ejensi kutapa zoposa 20 pa 100 iliyonse ndipo limaikakamiza kuuza modelo molemba za malipiro ake ntchito isanayambe. Lamuloli analimenyera nkhondo ndi a bungwe la Model Alliance, lomwe Sara Ziff, amene naye anali modelo, analikhazikitsa mu 2012.

Palinso zoopsa kuposa kuberedwa ndalama, ndipo makolo ayenera kuzimva. Uthenga wa pa Facebook kapena Instagram wopempha zithunzi za maliseche poti akufuna kuona thupi, kuitanidwa wekha ku chipinda cha ku loji usiku, lonjezo la ntchito ya kunja lotsagana ndi pempho loti upereke pasipoti, zonsezi si njira za ntchito imeneyi. Amayi a ku Malawi omwe anakazunzika ku Oman, amene nkhani yawo inaulutsidwa ndi BBC mu 2024, nawonso anachoka kwawo atalonjezedwa ntchito zabwino. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale. Wopita kukaonedwa koyamba apite masana, ku malo odziwika, ndi mnzake kapena m'bale wake.

Mtima wa nkhani yonseyi uli pa pepala lomwe limaperekedwa pa tsiku lojambula, nthawi zambiri mothamanga, galimoto ikudikira. Pepalali, lotchedwa model release, ndi chilolezo choti nkhope ya munthu igwiritsidwe ntchito. Pa ntchito iliyonse ya mtunduwu pamagulidwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi nthawi, tsiku lathunthu kapena theka lake. Chachiwiri, chomwe chili ndi mtengo waukulu, ndi kagwiritsidwe ka chithunzicho: kwa nthawi yaitali bwanji, m'maiko ati, pa zinthu ziti. Chithunzi cha mu nyuzi kwa miyezi itatu ku Malawi kokha sichingafanane mtengo ndi cha pa zikwangwani, pa mapaketi ndi pa intaneti kwa zaka zisanu ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kusiyana kwake kuli ngati kwa kubwereketsa dimba nyengo imodzi ndi kuligulitsiratu. Pepala likanena kuti chilolezo n'chamuyaya, cha dziko lonse lapansi ndi cha njira iliyonse yofalitsira, ndiye kuti munthu wagulitsiratu, ndipo mtengo wake uyenera kuonetsa zimenezo.

Shubnum Khan, mlembi wa mabuku wa ku Durban ku South Africa, anazifotokoza poyera mu 2018. Ali pa yunivesite, iye ndi anzake anapita kukajambulidwa kwaulere ndi wojambula amene analonjeza kuwapatsa zithunzi zapamwamba. Anasaina pepala osawerenga tizilembo ting'onoting'ono. Wojambulayo anaika zithunzizo m'nkhokwe za pa intaneti momwe kampani iliyonse imagula chithunzi pa mtengo wochepa. Patapita nthawi mnzake wina anaona nkhope ya Khan mu nyuzi ya ku Canada ikutsatsa za anthu osamukira m'dzikolo. Atafufuza anadzipeza pa zotsatsa za McDonald's ku China, pa zamankhwala odzola, pa zaulendo wa alendo ku Cambodia, ngakhalenso pa masamba opezera zibwenzi. Pena anamupatsa dzina lina n'kumuika mawu m'kamwa oyamikira katundu amene sanamugwiritsepo ntchito. Sanalandire ndalama iliyonse, ndipo pepala lomwe anasaina linali kumbali ya wojambula.

Nkhani ya Russell Christoff wa ku California inayenda mwina. Mu 1986 anajambulidwa kwa maola awiri akununkhiza kapu ya khofi, nalipidwa madola 250, pa mgwirizano woti chithunzicho chikadzagwiritsidwa ntchito ku Canada adzalandira madola 2,000. Mu 2002 ali mu shopu anaona nkhope yake pa botolo la khofi wa Taster's Choice, wa kampani ya Nestlé. Nkhopeyo inali itayenda pa mabotolo kwa zaka m'maiko angapo iye osadziwa. Mu 2005 khothi la ku Los Angeles linagamula kuti apatsidwe madola 15.6 miliyoni. Chigamulocho chinathetsedwa pa apilo mu 2007, ndipo mu 2009 khothi lalikulu la California linabweza mlanduwo kuti ukaunikidwenso. Chomwe chinamulola kuima m'khothi n'chakuti mgwirizano wake unali ndi malire, dziko limodzi ndi mtengo wotchulidwa.

Kwa ife kuno, komwe makampani akuluakulu m'gawo lililonse ndi owerengeka, pali mfundo ina yolemera. Nkhope ikaoneka pa chikwangwani cha kampani imodzi ya mafoni, inzake singaifunenso, mwina kwa zaka. Chimodzimodzi mabanki. Choncho amene wavomera ndalama yochepa pa ntchito yaikulu wadzitsekera yekha makomo ena, ndipo n'koyenera kuti kutsekedwa kumeneko kulipiridwe. Payeneranso kufunsidwa kuti chithunzi chikukatsatsa chiyani kwenikweni. Uthenga wa HIV, wa ngongole, wa mowa, wa juga kapena wa chipani cha ndale ndi wovomerezeka, koma m'dziko lomwe aliyense ali ndi azakhali oyenda pa msewu womwewo, anthu sasiyanitsa sewero ndi moyo weniweni. Munthu avomere akudziwa, atakambirana ndi a kunyumba kwake. Mabungwe omwe amajambula anthu m'midzi ndi m'zipatala ali ndi udindo womwewo, ndipo kufotokozera munthu m'chilankhulo chake asanadinde chala ndi chilungamo chomwe sichiyenera kupemphedwa.

Nzeru zopangidwa ndi makompyuta (AI) zabweretsa mzere wina wofunika kuusaka m'kontirakiti. Mu 2023 kampani ya Levi's inalengeza kuti iyesa mamodelo opangidwa ndi AI, ndipo mu 2025 H&M inati ipanga zifaniziro za pa kompyuta za mamodelo enieni 30. Lamulo la ku New York lija limafuna chilolezo chapadera cholembedwa munthu asanapangidwe chifaniziro chotere. Pepala lolola kampani kusintha chithunzi mulimonse mmene ingafunire likhoza kutanthauza kuti tsiku limodzi lojambula libala zotsatsa zina khumi zopanda malipiro.

Ana amafunidwa kwambiri pa zotsatsa za sopo, phala ndi sukulu. Ku Malawi aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, malinga ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko kwa mu 2017, ndipo womusainira ndi kholo kapena womulera, yemwe ayenera kukhalapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsiku lojambula lenilenilo ndi lodikira kwambiri kuposa kujambulidwa. Munthu amafika m'mamawa, zikhadabo zili zoyera, tsitsi lili monga linalili pa chithunzi chomwe anasankhidwira, atanyamula zovala zingapo zopanda zizindikiro za makampani. Amamvera wojambula, sajambula zake n'kuponya pa intaneti malonda asanatuluke. Amene amasunga nthawi ndi kugwirika bwino amaitanidwanso, ndipo pa msika waung'ono mbiri imeneyo imayenda msanga kuposa chithunzi.

Ndalama zake n'zodumphadumpha. Mwezi wina ntchito ziwiri, miyezi itatu yotsatira zii. Malipiro amachedwa chifukwa amadutsa m'manja ambiri, kuchoka ku kampani kupita kwa okonza zotsatsa, kenako kwa wojambula kapena ejensi, ndipo kudikira masiku 30 mpaka 90 n'kofala ngakhale ku maiko olemera. N'chifukwa chake sindingalangize munthu kusiya uphunzitsi kapena okala yake chifukwa cha ntchito imeneyi. Ndi yoonjezera, ndipo imayenera amene angathe kupempha tsiku limodzi lopuma mwadzidzidzi. A Malawi okhala ku South Africa ali pafupi ndi msika wokulirapo: Cape Town imadzaza ndi makampani a ku Ulaya odzajambula zotsatsa m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu November mpaka March, pamene kwawo kukuzizira, ndipo maejensi odziwika monga Boss Models ndi Ice Models ali komweko. Koma maejensi amenewo amafuna mapepala olola munthu kugwira ntchito m'dzikolo.

Kaya ndi ku Cape Town kaya ku Mzuzu, wojambulidwa atenge kope la pepala lililonse lomwe wasaina, kapena alijambule ndi foni asanalibweze. Alembe m'buku tsiku, kampani, ndalama yomwe anagwirizana, ndi mwezi umene chilolezo chidzathe. Mwezi umenewo ukadutsa chikwangwani chikadali chilili, ali ndi poyambira kulemba kalata yopempha kuti achitsitse kapena alipire nthawi yoonjezerayo.