Ankhungulume a mu Lusaka afuna ulangizi m'mabuku

NTHAWI ya cakudya ca masana ikakwana pa Longacres mu Lusaka, malo odyera a pamsika amadzaza ndi anyamata ocokera m'maofesi, m'magalaji ndi m'masitolo apafupi. Amasamba m'manja, nadya nsima ya nsomba kapena nyama yoocha, nabwerera kunchito mofulumira. Ambiri a iwo ndi ankhungulume, ndipo kwa ena nsima imeneyi ndiyo cakudya cokha cophikidwa bwino cimene adzadya tsikulo.

Madzulo amakwera minibasi kupita ku Kabwata kapena ku Chelstone kumene acita lendi kacipinda kamodzi. Ena amagona m'tinyumba ta anchito kuseri kwa nyumba zazikulu za ku Woodlands ndi Kabulonga. M'kacipindako muli matilesi, mbaula ndi mpoto umodzi, ndipo kawirikawiri kumutu kwa bedi kuli buku lonena za umuna, cibwenzi ndi kudikira cikwati. Wina anagula lake kwa ogulitsa mabuku pansi mu Cairo Road, wina anabwereka kwa mnzake wa kuchalichi, wina anamutumizira pa foni.

Likulu la Unduna wa Zaumoyo, Ndeke House, liri pafupi pomwepo mu mseu wa Haile Selassie. Koma mnyamata amene ali ndi funso locititsa manyazi sathamangira kwa a zaumoyo. Amayamba watsegula buku. Ndiye cifukwa cake mabanja ayenera kudziwa zimene mabukuwa anena, ndiponso zimene sanena.

Mnyamata alibe alangizi

Mtsikana akakula, alangizi amamukhazika pansi ndi kumuuza za thupi lake. Asanalowe m'banja amalangizidwanso. Mnyamata wa m'tauni kawirikawiri amakumana ndi ankhoswe pamene tsiku la cikwati layandikira kale. Pakati pa kucoka pakhomo pa makolo ndi tsikulo pamapita zaka zambiri zimene iye amayenda yekha.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anaonetsa kuti theka la akazi a mu Zambia amakhala atakwatiwa pofika zaka 19, pamene theka la amuna amakwatira pofika zaka 24. M'tauni ambiri amapitirira pamenepo cifukwa ca sukulu, kusowa kwa nchito, kukwera kwa lendi ndi malowolo.

Unkhungulume m'mzinda uno si wa lero ai. Lusaka atakhala likulu mu 1935, boma la atsamunda linamanga tinyumba tozungulira ta cipinda cimodzi ku Kabwata kuti muzigona amuna ogwira nchito, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Tambiri tinagwetsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pomanga mafulati. Totsala 43 ndito tinasanduka mudzi wa zamwambo wa Kabwata mu 1974. Amuna a masiku amenewo anali kudalira akulu a kwao amene anawapeza m'tauni. Mnyamata wa lero nthawi zambiri akulu otere alibe, motero buku latenga malo ao.

Mabuku atatu, maphunziro atatu

Buku limene makolo ambiri opemphera alikumbukira ndi I Loved a Girl, ndiko kunena kuti ndinakonda mtsikana. Analilemba ndi mbusa wa ku Germany, Walter Trobisch, amene anali kuphunzitsa m'dziko la Cameroon, ndipo linayamba kutuluka m'Cifalansa mu 1962. M'bukumo muli makalata a pakati pa mbusayo ndi mphunzitsi wacinyamata, François, amene anacotsedwa nchito cifukwa cogona ndi mtsikana. Pambuyo pake François akonda Cécile, koma malowolo amene atate a mtsikanayo afuna amukulira. Mnyamata wa ku Chelstone akawerenga zimenezi amaona ngati anena za iye, ndipo amaphunzira kuti funso lamanyazi likhoza kufunsidwa kwa munthu wamkulu ndi kuyankhidwa mwaulemu.

Koma Trobisch anamwalira mu 1979. Matenda a Edzi anayamba kudziwika padziko mu 1981, ndipo odwala oyamba mu Zambia anapezeka mu 1984. Buku lake silikanatha kunena kanthu za kalombo ka HIV. Ndi labwino pa nkhani ya ulemu ndi kudziletsa, koma silokwana pa nkhani ya citetezo.

Laciwiri ndi I Kissed Dating Goodbye, limene linatuluka mu 1997. Mlembi wake, Joshua Harris wa ku America, analilemba ali ndi zaka 21 cabe, asanakwatire. Linalangiza acinyamata kuleka zibwenzi kufikira atakonzeka kukwatira, ndipo linagulidwa koposa miliyoni imodzi. Mu 2018 Harris mwini wake anapepesa kwa onse amene bukulo linawavulaza mtima, napempha kuti lisasindikizidwenso. Anthu ambiri anali atadandaula kuti linawapatsa mantha ndi manyazi, mwakuti analephera ngakhale kuceza bwino ndi munthu amene anafuna kumanga naye banja. Makope akale akali kuzungulira m'manja mwa anthu, ndipo wowerenga sangadziwe kuti mwini buku analikana kale.

Lacitatu silinena za cikondi konse, koma ndilo limene nkhungulume angapindule nalo koposa. Ndi Where There Is No Doctor, lolembedwa ndi David Werner. Linatuluka m'Cisipanya mu 1973 ndi m'Cingelezi mu 1977, ndipo linamasuliridwanso m'Cicewa ndi dzina lakuti Pamene Palibe Dokotala. Limafotokoza ndi zithunzi za kutsegula m'mimba, malungo, zironda, matenda opatsirana pogonana, ndi nthawi imene munthu ayenera kuthamangira kucipatala. Ubwino wake ndi wakuti limakonzedwanso nthawi ndi nthawi. Komabe kope la mu 1980 liri ndi malangizo a mankhwala a mu 1980, ndipo ena a iwo anasintha. Mwacitsanzo, kolokwini amene anali kuciza malungo kale analeka kugwira bwino nchito, ndipo zipatala za mu Zambia zinasinthira ku Coartem.

Zimene buku lakale silidziwa

Pamene Dr Kenneth Kaunda anauza dziko mu 1987 kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi Edzi, kupezeka ndi kalombo kunali ngati kulandira uthenga wa maliro. Mabuku ndi timapepala ta nthawi imeneyo tinalembedwa ndi mantha omwewo. Mnyamata wowerenga zimenezi lero angaope kupimitsa magazi, poganiza kuti palibe cimene angapindule. Zinthu zinasintha kwambiri.

Mu 2005 boma linacotsa malipiro a mankhwala a ARV m'zipatala zake. Munthu amene amamwa mankhwalawa mokhulupirika kufikira kalombo kataleka kuoneka popima magazi amakhala ndi moyo wautali, ndipo sapatsira mnzake kalomboko pogonana.

Mu 2007 bungwe loona zaumoyo padziko lonse, la WHO, linavomereza mdulidwe wa kucipatala pambuyo pa kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda. Mdulidwe umacepetsa ngozi yakuti mwamuna atenge kalombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100 alionse. Sucotsa ngozi yonse, motero kondomu ikali yofunika.

Palinso mankhwala ochedwa PrEP, amene munthu wopanda kalombo amamwa kuti adziteteze. Mu 2024 Zambia inayamba kupereka citetezo cimeneci mwa nyeleti yolasa miyezi iwiri iriyonse. Ndipo ngati kondomu yang'ambika, pali mankhwala ochedwa PEP amene ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, ndiko kuti masiku atatu. Wocedwa amataya mwai.

Kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti akulu 11 pa 100 alionse mu Zambia ali ndi kalombo ka HIV. Amuna ndiwo amacedwa kupimitsa, nafika kucipatala matenda atakula kale. Cimodzimodzi ndi cinzonono, cindoko ndi bolabola: mnyamata amagula makapisozi pamsika, namwa awiri atatu, ululu ukaleka naleka. Cironda ca cindoko cimapola cokha, koma matenda amatsala m'magazi, ndipo tsiku lina adzapatsira mkazi wake ndi mwana wosabadwa.

Pali bodza lina limene limayenda m'mabawa ndi m'timapepala ta ogulitsa mankhwala a mphamvu za abambo, lakuti mwamuna akakhala nthawi yaitali osagona ndi mkazi amadwala msana kapena kuzungulira mutu. Madotolo sadziwa matenda otere. Kudzikodzera umuna kutulo ndi cibadwa ca thupi, si matenda, ndipo sikufuna mankhwala.

Mpoto, botolo ndi kusungulumwa

Mabuku ambiri a ankhungulume amathera pa nkhani ya akazi, ngati kuti ndilo vuto lokha. Koma zimene zimagwetsa mwamuna wokhala yekha nthawi zambiri ziri m'mbale ndi m'botolo.

Wosadziwa kuphika amadalira machipisi, soseji ndi zokazinga za mcere wambiri. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu mu Zambia ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sadziwa cifukwa matendawa samveka m'thupi. A WHO alangiza kuti mcere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kuphika nyemba, kapenta, repu kapena cibwabwa si nchito ya akazi okha.

Kolera imene inabuka mu Lusaka mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, ndipo bwalo la Heroes linasanduka cipatala. Munthu wokhala yekha akayamba kutsegula m'mimba usiku alibe womutungira madzi. Ayenera kukhala ndi kolorini ndi timapaketi ta ORS m'nyumba, ndiponso mnansi mmodzi amene angamugogodere.

Kacipinda kopanda woceza naye kamathamangitsira ambiri ku bawa. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu ndi mowa wina waukali zikali kupezeka m'makomboni. Mnyamata amene waleka kudya, sagona tulo, wasiya anzake ndipo alankhula zakuti moyo ulibe phindu, asauzidwe cabe kuti alimbe mtima ngati mwamuna. Aperekezedwe kukiliniki, kumene angamutumize kwa aphungu kapena kucipatala ca Chainama.

Posankha buku

Coyamba kuona ndi caka. Cimalembedwa kuseri kwa tsamba loyamba. Ngati buku linena za matenda ndi mankhwala koma latha zaka khumi, malangizo ake afunsidwe kaye kwa anamwino.

Caciwiri ndi mlembi. Mbusa angalangize bwino za khalidwe, koma za mankhwala ndi za adotolo. Buku limene lilonjeza mphamvu zodabwitsa, kapena liphunzitsa kunyengerera ndi kunyoza akazi, ndi la munthu wofuna ndalama cabe.

Cacitatu ndi dziko limene bukulo linalembedwera. Mlembi wa ku America sadziwa za malowolo, za ankhoswe, kapena za mnyamata amene malipiro ake alipirira sukulu ang'ono ake atatu. Mabuku otere a m'Cinyanja ndi osowa, ndipo apa pali nchito imene iyembekeza alembi a kuno kwao. Amene alibe ndalama yogulira buku angapite kukawerenga ku laibulale ya khonsolo mu mseu wa Katondo.

Akulu anati safunsa anadya phula. Buku lingatsegule nkhani, koma silipima magazi, ndipo silimva yankho la wowerenga. Atate, amalume ndi akulu a mpingo asadikire tsiku lopereka malowolo kuti akhale pansi ndi mnyamata. Akamucezera ku kacipinda kake, aone cimene ciri mu mpoto, atenge buku liri kumutu kwa bedi, aone caka cake, ndipo amufunse tsiku limene anapita kukapimitsa komaliza.