Mowa ndinausiya, nanga masiku otsalawa?

Nditasiya kachasu ndili ndi zaka 52, abale anandiyamikira kwambiri, koma palibe amene anandifunsa chimene ndichite ndi masiku otsalawa. Mowa umadya nthawi: madzulo onse, Loweruka lonse, malipiro a mwezi. Ukausiya pamatsala dzenje, ndipo dzenje lopanda kanthu limakuitana kuti ubwerere.

Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, ku America, limaphunzitsa kulimbana ndi tsiku limodzi lokha. Nzeru imeneyi inandipulumutsa miyezi yoyamba. Komabe ndinaona kuti tsikulo limafunika kolowera.

Poyamba ndinalakwitsa. Ndinalemba m'kope kuti ana anga andikhululukire chaka chisanathe. Chimenecho si cholinga changa, chili m'manja mwawo. Changa n'kupepesa, kufika pa nthawi imene ndalonjeza, ndi kubweza ngongole. Muzisankha zimene mungathe kuchita nokha, ndipo zikhale zowerengeka. Ine ndalama imene inkathera pa botolo ndimaisunga kubanki mkhonde sabata iliyonse, ndipo pogawana ndimagula malata. Ndafika pa 18, nyumba ikufuna 30.

Amene mwamwa kwambiri zaka zambiri, chonde musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa thupi limatha kunjenjemera mpaka kukomoka. Yambirani kuchipatala. Ku Mzuzu, a St John of God amathandiza anthu otere.

Dzinja lathali ndinabzalanso mango asanu kuseri kwa nyumba. Mdzukulu wanga ndi amene amandikumbutsa kuthirira.