Chifukwa chiyani anyamata a rock ankajambula nyimbo ndi madala a blues?

Nyimbo za blues zinabadwira kumunda. Amene anaziyambitsa ndi anthu akuda a kummwera kwa dziko la America, makamaka m'chigawo cha Mississippi. Ambiri mwa iwo ankalima thonje pa minda ya eni ake, ndipo pokolola mwini munda ankatenga gawo lake, n'kudulanso ngongole ya mbewu ndi chakudya. Mlimi ankatsala ndi zochepa, nthawi zina ankatsala ndi ngongole yokhayokha.

Mmodzi mwa alimi amenewa anali Muddy Waters, yemwe ankayendetsa thirakitala pa esiteti ya Stovall, pafupi ndi tawuni ya Clarksdale. Mu 1943 anasamukira ku Chicago, komwe anayamba kuimba ndi gitala yamagetsi. Mu 1950 kampani ya Chess inatulutsa nyimbo yake ya "Rollin' Stone".

Pofika zaka za m'ma 1960, achinyamata ambiri akuda ku America anali atatembenukira ku nyimbo za soul, ndipo msika wa madalawa unayamba kuchepa. Koma kutsidya la nyanja, ku Britain, anyamata achizungu ankagula zimbale zawo n'kumaphunzira kaimbidwe kake. Gulu la Rolling Stones, lomwe linayamba mu 1962, linatenga dzina lake pa nyimbo ya Muddy Waters ija. Anyamatawa anatchuka ndi kulemera msanga, pamene eni nyimbo ankapeza zochepa.

Apa ndi pamene panachokera nzeru yojambula limodzi. Makampani ankadziwa kuti dzina la mnyamata wotchuka likakhala pachikuto, chimbale cha mdala chigulidwa ndi anthu amene sanamumvepo. Anyamatawo ankafuna kuphunzira pamaso pa aphunzitsi awo komanso kubweza ngongole. Mu 1969 Muddy Waters anajambula ndi Mike Bloomfield ndi Paul Butterfield chimbale chotchedwa "Fathers and Sons", kutanthauza abambo ndi ana awo.

Mu 1970 mdala wina wochokera ku Mississippi, Howlin' Wolf, yemwenso anakulira pa khasu, anapita ku London ali ndi zaka 59 komanso akudwaladwala. Kumeneko anajambula ndi Eric Clapton, wa zaka 25, pamodzi ndi Bill Wyman ndi Charlie Watts a gulu la Rolling Stones. Ntchito sinali yophweka. Pa nyimbo ina anyamatawo ankaphonya polowera, mpaka anapempha mkuluyo kuti atenge gitala awaonetse yekha. Kukambirana kumeneku anakusiya dala m'chimbale, chomwe chinatuluka mu 1971, ndipo aliyense atha kumva kuti mphunzitsi anali ndani.

Phindu lenileni linaoneka mu 1977. Muddy Waters anali atachoka ku Chess ndipo ambiri ankati zake zatha. Johnny Winter, woimba gitala wa ku Texas, anamutengera ku situdiyo n'kujambula gulu lonse likuimbira pamodzi monga ankachitira kale. Chimbalecho, "Hard Again", chinapata mphoto ya Grammy. Awiriwa anatulutsanso zimbale zina zitatu mkuluyo asanamwalire mu 1983.

Komatu si onse amene anabweza mwaulemu. Mu 1962 Muddy Waters anaimba "You Need Love", yopekedwa ndi Willie Dixon. Mu 1969 gulu la Led Zeppelin linatulutsa "Whole Lotta Love", yokhala ndi mawu ofanana kwambiri, osatchula mwini wake. Dixon anakasuma mu 1985. Nkhaniyo anaithetsa kunja kwa khoti, ndipo lero dzina lake limalembedwa pakati pa opeka nyimboyo.

Kusiyana kwa nkhani ziwirizi kuli pa dzina. Pa malonda a nyimbo, ndalama zimatsatira munthu amene walembedwa kuti ndiye wopeka. Kujambula limodzi kunkaika dzina la mdala pachikuto iye akadali moyo, pamene kutenga mwakachetechete kunkamusiya ngati mlimi wa thonje uja, wolima koma wosadya. Choncho mnyamata akabwera kudzajambula gule kapena nyimbo ya agogo kumudzi kwanu, mulandireni ndithu, koma mufunse kuti pa nyimboyo alembapo dzina la yani.