Galimoto yomwe idakalamba isanalowe m'bwalo

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambiwu ukupherezeka bwino pa mbiri ya galimoto ina ya ku Mangalande yotchedwa Jaguar XJ13, yomwe idapangidwa kuti ikathetse mankhalu anzake pa mpikisano wa liwiro, koma mpaka lero siidapikisanepo n'kamodzi komwe. Idapangidwa imodzi yokha basi, ndipo padatsala pang'ono kuti iphe munthu yemwe ankaidziwa bwino kuposa wina aliyense.

Nkhaniyi idayambira ku Le Mans, m'dziko la France, komwe chaka ndi chaka galimoto zimathamanga maola 24 usana ndi usiku. Wopambana ndi yemwe wayenda mtunda wautali nthawiyo ikamakwana. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Jaguar ya mumzinda wa Coventry ndiyo inkatafuna ufumu kumeneko. Galimoto zake zidapambana m'zaka za 1951, 1953, 1955, 1956 ndi 1957.

Koma kampaniyi idasiya kutumiza timu yakeyake kumipikisano kumapeto kwa 1956. Zaka zitapitapo, Ferrari ya ku Italy idatenga mpando, ndipo amisiri a Jaguar motsogozedwa ndi William Heynes adayamba kulakalaka zobwereranso.

Panthawiyo n'kuti luso lopanga galimoto za mpikisano litasintha. Kale injini inkakhala kutsogolo monga zilili galimoto zambiri zomwe timakwera. Akadaulo adaona kuti injini ikakhala pakati, kumbuyo kwa dalaivala koma kutsogolo kwa matayala am'mbuyo, kulemera kumagawikana bwino ndipo galimoto imakhota pakona mosavuta. Aliyense wodziwa njinga ya kapalasa akudziwa kuti thumba la chimanga ukalimanga kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, chiwongolero chimapepuka n'kuyamba kugwedera. N'chimodzimodzinso galimoto, katundu wolemera amafunika pakati.

Thupi la XJ13 adalijambula ndi Malcolm Sayer, katswiri yemwe adagwirapo ntchito ku kampani yopanga ndege ya Bristol. Mkuluyu ankagwiritsa ntchito masamu pofuna kupeza maonekedwe oti adule mphepo bwino, ndipo ndi yemwenso adajambula galimoto zotchuka za C-type, D-type ndi E-type. Thupilo adalisula ndi aluminiyamu kuti lipepuke.

Injini yake inali ya masilinda 12 ondandalikidwa ngati chilembo cha V, ya malita 5, ndipo inkatulutsa mphamvu zoyerekezedwa ndi mahatchi 502. Kuti achepetse zitsulo, amisiri adaimanga injiniyo kukhala mbali ya msana wa galimotoyo.

Ntchito idatha mu 1966, koma galimotoyo idangokhala m'fakitale ataifunditsa. M'chaka chomwecho mwini kampaniyo, Sir William Lyons, adali kalikiliki ndi zokambirana zophatikiza Jaguar ndi kampani ya British Motor Corporation. Maganizo ndi ndalama zidapita ku galimoto zogulitsa, makamaka XJ6 yomwe idatuluka mu 1968. Lyons ankaopanso kuti anthu akamva za injini yatsopano ya masilinda 12 asiya kugula galimoto za masilinda 6 zomwe zinkadyetsa kampaniyo, n'kumadikira zatsopano.

Mu 1967 ndi pomwe XJ13 idaloledwa kuyesedwa pabwalo la MIRA, pafupi ndi tauni ya Nuneaton. Dalaivala David Hobbs adazungulira bwalolo pa liwiro la makilomita pafupifupi 260 pa ola, ndipo padatenga zaka zoposa 30 kuti wina aphwanye mbiri imeneyi.

Koma nthawi inali itatha kale. Kampani ya Ford ya ku America idali itapambana ku Le Mans mu 1966 ndi galimoto ya GT40 ya injini ya malita 7, ndipo idapambananso mu 1967. Kenaka oyendetsa mipikisano adasintha malamulo. Kuyambira 1968, galimoto yongoyesera siinkaloledwa kupyola malita 3, ndipo ya malita 5 inkaloledwa pokhapokha kampani itapanga zosachepera 50. Jaguar idali ndi imodzi yokha. Apa m'pomwe chitseko chidatsekeka, galimoto ija n'kubwereranso kukona.

Patatha zaka zingapo akuluakulu a kampaniyo adaikumbukira. Mu 1971 Jaguar inkafuna kukhazikitsa E-type yatsopano ya masilinda 12, ndipo adaganiza zojambula kanema wotsatsa malonda woonetsa XJ13 ngati kholo la injiniyo. Mu Januwale 1971 adapita nayo ku MIRA, ndipo pachiwongolero padakhala Norman Dewis, mkulu woyesa galimoto za kampaniyo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Ntchito yojambula ili pafupi kutha, galimoto ikuthamanga makilomita oposa 200 pa ola, tayala lam'mbuyo lidagonja. Galimotoyo idapatuka, n'kugubuduzika kangapo m'munda wamatope wa pambali pa bwalolo.

Poti galimotoyo ilibe denga, mutu wa dalaivala umakhala pamtetete. Dewis, yemwe adali wamfupi, adachita changu kuzimitsa injini kuti moto usabuke ndipo adadzipinda n'kubisala kunsi kwa chiwongolero. Anthu atathamangira pamalopo adapeza galimoto itaphwanyika koma mwini wake ali moyo, wopanda bala lalikulu.

Sayer sadaone tsokali chifukwa adamwalira mu 1970 ali ndi zaka 53.

Mwamwayi, zikombole zamatabwa zomwe adaumbirapo thupi loyamba lija zidali zisanatayidwe. Kampani ya Abbey Panels ya ku Coventry komweko idasulanso thupi lina, ndipo mu 1973 XJ13 idaonekera kwa anthu pabwalo la Silverstone, pa mpikisano wa British Grand Prix. Okonda galimoto ambiri adaiona koyamba tsiku limenelo, patatha zaka 7 chiipangireni.

Thukuta la amisiri aja silidapite pachabe. Injini ya masilinda 12 yomwe idalowa mu E-type, ngakhale adaisintha kuti iyenere pamsewu wamba, idatumikira m'galimoto za Jaguar kuyambira 1971 mpaka 1997. Ndipo mu 1988, patatha zaka 31 chipambanireni komaliza, Jaguar idatenganso chikho cha Le Mans ndi galimoto ya XJR-9, ya masilinda 12 komanso injini ili pakati. Idabwerezanso mu 1990.

Dewis adagwira ntchito ku Jaguar zaka 33, kuyambira 1952 mpaka 1985. Atapuma ankayendabe m'zionetsero kufotokozera anthu za tsiku lomwe adapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Adamwalira mu 2019 ali ndi zaka 98.

Lero XJ13 ili m'manja mwa bungwe losunga mbiri ya kampaniyi la Jaguar Daimler Heritage Trust, lomwe limasunga galimoto zake ku British Motor Museum, ku Gaydon. Nthawi zina amaitulutsa n'kuiliza pazionetsero, ndipo anthu amakanganabe kuti ikadapita ku Le Mans nthawi yake isanathe, kodi Ford ndi Ferrari zikadalimba?